Kodi Munthu Anali Kuti Asanabadwe? Ciphunzitso ca Amormoni ndi Mau a m'Baibulo

Inu omvera, makamaka inu ana a sukulu za sekondale amene muphunzira za cipembedzo pamodzi ndi aphunzitsi anu: mipingo yonse yacikristu ili ndi mau ambiri onena za kumene munthu apita akamwalira. Koma funso la mbali inayo ya moyo silimveka kawirikawiri. Kodi munthu anali kuti asanakhale m'mimba mwa amai ake? Mipingo yambiri iyankha mwacidule kuti kunalibe kumene iye anali, pakuti mwini wakeyo anali asanakhaleko. Ulipo mpingo umodzi umene uyankha mosiyana ndithu, ndipo pa yankho limenelo patsamira zonse zimene uphunzitsa za cipulumutso. Lero tiyese kulimvetsa monga eni ake alifotokoza, ndipo tikatero tiliike pambali pa mau a m'Baibulo. Khalani ndi Baibulo pafupi, pakuti ndime zimene ndidzachula muyenera kuziwerenga nokha.

Mpingo wake ndi mabuku ake

Dzina lake lonse ndilo Mpingo wa Yesu Kristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, koma anthu ambiri awadziwa ndi dzina lakuti Amormoni, locokera ku limodzi la mabuku ao. M'caka ca 2018 mtsogoleri wao wa nthawi imeneyo, Russell M. Nelson, anapempha kuti anthu aleke dzina lalifupilo. Cotero m'nkhani ino ndidzawacha Oyera a Masiku Otsiriza, kapena a mpingo uwu. Anaukhazikitsa ndi Joseph Smith pa 6 Epulo 1830 m'cigawo ca New York ku America. Smith ataphedwa ndi gulu la anthu ku Carthage, m'cigawo ca Illinois, m'caka ca 1844, Brigham Young anatsogolera ambiri a otsatira ake pa ulendo wautali wa kumadzulo, nafika m'cigwa ca Salt Lake m'caka ca 1847. Kumeneko ndiko kuli likulu lao kufikira lero. Muno m'Zambia mpingowu ulimonso, ndipo ena a inu mwaonapo amishoni ao acinyamata akuyenda awiriawiri, atabvala malaya oyera ndi kacikwangwani ka dzina pacifuwa.

A mpingo uwu ali ndi mabuku opatulika anai. Pali Baibulo, pali Buku la Mormon, losindikizidwa m'caka ca 1830, pali Doctrine and Covenants, ndiko kuti Ciphunzitso ndi Mapangano, m'mene muli mabvumbulutso amene Smith anati anawalandira, ndipo pali Pearl of Great Price, ndiko kuti Ngale ya Mtengo Wapatali, m'mene mupezeka Buku la Mose ndi Buku la Abrahamu. Awiriwa, ngakhale ali ndi maina a makolo a m'Cipangano Cakale, simudzawapeza m'Baibulo. Anadzera mwa Joseph Smith. Baibulo alilandira monga mau a Mulungu malinga ngati linatembenuzidwa molondola, ndipo akhulupirira kuti zina zofunika zinatayikamo m'kupita kwa zaka.

Cimene aphunzitsa

Ciphunzitso cao tingacifanizire ndi ulendo wa masiku atatu, m'mene kubadwa kwathu pansi pano kuli kuca kwa tsiku laciwiri.

Paciyambi penipeni pali cimene iwo acicha nzeru, ndilo phata la umunthu wa munthu. Gawo 93 la Doctrine and Covenants, la m'mwezi wa Meyi 1833, liphunzitsa kuti munthu analipo pamodzi ndi Mulungu kuyambira kale lomwe, ndi kuti nzeru imeneyo palibe anailenga. M'ulaliki wake wochuka wa m'Epulo 1844, pokumbukira womwalira wina dzina lake King Follett, Smith ananena poyera kuti phata limeneli lilibe ciyambi, monganso Mulungu alibe ciyambi. Aphunzitsi a mpingowu asiyana maganizo pa funso lakuti kaya nzeruyo inali kale munthu wodzizindikira payekha, kaya inali ngati dongo limene mizimu inaumbidwa nalo.

Pambuyo pake, iwo atero, tinabadwa monga mizimu, ana aamuna ndi aakazi a makolo akumwamba. Cilengezo cao ca za banja, cimene Gordon B. Hinckley anawerenga m'caka ca 1995, cinabwerezanso mfundo imeneyi, ndi kuonjeza kuti kukhala mwamuna kapena mkazi kunayambira komweko. Woyamba kubadwa mwa mizimu yonse ndiye Yesu Kristu, ndipo cifukwa ca ici amucha mkulu wathu. Lusifara nayenso anali mmodzi wa ana amenewo.

Tsono Atate anasonkhanitsa ana ake pa bwalo lalikulu, nawaululira cikonzero cake: dziko lidzakonzedwa, mizimu idzalandira matupi, idzayesedwa ngati idzamvera, ndipo omvera adzabwerera nakhala ofanana ndi Iye. Popeza anthu adzacimwa, panafunika Mpulumutsi. Buku lao la Mose, mutu 4, lisimba kuti Satana anadzipereka kupulumutsa onse osataya ndi mmodzi yemwe, koma anafuna kuti ulemu wa Mulungu ukhale wake, nafunanso kuononga ufulu wa kusankha umene Mulungu anapatsa munthu. Yesu anadzipereka kucita cifuniro ca Atate ndi kuwasiyira ulemerero. Atate anasankha Yesu. Satana anapanduka, ndipo limodzi la magawo atatu a mizimu linamtsata. Amenewo anaponyedwa kunja, ndipo sadzalandira konse matupi. Motero, mwa ciphunzitso ici, munthu aliyense wobadwa pansi pano ndi mzimu umene unasankha mbali ya Mulungu pa bwalo lija. Cifukwa cimene sitikumbukira n'cakuti pobadwa cophimba ca kuiwala cigwera pa maganizo athu, kuti tiyende mwa cikhulupiriro ndi kuti mayesowo akhale enieni.

Buku la Abrahamu, mutu 3, ndilo lifotokoza zimenezi momveka koposa, ndipo lionjeza kuti pakati pa mizimu panali ina yomveka ndi yaikulu, imene Mulungu anaisankhiratu kukhala atsogoleri. Smith anati bukuli analitembenuza kucokera pa zolembedwa za pa gumbwa za ku Egypt zimene zinagulidwa ku Kirtland, Ohio, m'caka ca 1835, ndipo linasindikizidwa m'caka ca 1842. Zidutswa zina za gumbwayo zinabwezedwa ku mpingo m'caka ca 1967 kucokera ku Metropolitan Museum of Art ku New York, ndipo akatswiri a zolembedwa za ku Egypt anapeza kuti ndi mau a mwambo wa maliro, osachula Abrahamu. Mpingo unabvomereza zimenezi m'nkhani imene unafalitsa m'caka ca 2014, koma ugwirabe bukulo monga lembo lodza mwa bvumbulutso.

Tisasokoneze ciphunzitso ici ndi ca Ahindu cakuti munthu abadwa kambirimbiri. Oyera a Masiku Otsiriza akana zimenezo, nati munthu abadwa m'thupi kamodzi kokha. Sicifanananso ndi mwambo wathu wopatsa mwana dzina la agogo amene anamwalira, pakuti ife pamenepo tiyang'ana kwa makolo amene anakhalapo pansi pano, pamene iwo anena za mizimu imene inali isanapondepo dziko.

Ndime za m'Baibulo zimene iwo achula

Ndime imene aichula koposa zonse ndi Yeremiya 1:5, pamene Mulungu auza mneneriyo kuti anamdziwa ndi kumpatula asanamuumbe m'mimba. Iwo afunsa: kodi mungadziwe bwanji munthu amene kulibe? Funsoli n'lomveka, ndipo pa ilo pagona mlandu wonse. Akristu ena ayankha kuti m'Cihebri liu lakuti kudziwa litanthauzanso kusankha. Pa Amosi 3:2 Mulungu anena kuti mwa mabanja onse a dziko anadziwa Israyeli yekha, ndipo palibe aganiza kuti mitundu inayo Iye anali asanaimvepo. Ayankhanso kuti Mulungu adziwa zam'tsogolo monga ife tidziwa za dzulo. Salmo 139:16 linena za masiku a munthu olembedwa m'buku la Mulungu lisanafike ndi limodzi lomwe, ndipo Aroma 4:17 acha Mulungu Iye amene aitana zinthu zimene kulibe monga ngati zilipo. Mmisiri aidziwa nyumba yake, zipinda zake ndi kumene khomo lidzayang'ana, njerwa zisanaumbidwe. Koma nyumbayo siikhala itaimirira kwina kwake kudikira tsiku la kumanga. Onaninso kuti pa ndime ya Yeremiya wodziwayo ndi Mulungu yekha. Sitiuzidwa kuti Yeremiya anadziwa Mulungu, kapena kuti anasankhapo kanthu.

Yaciwiri ndi Yobu 38:4-7, pamene Mulungu afunsa Yobu kumene anali pakuikidwa maziko a dziko, nachula ana a Mulungu amene anafuula mokondwera. A mpingo uwu ati ana amenewo ndife. Koma woiwerenga mutu wonsewo adzaona kuti mafunsowo acita kutsatana ndi colinga cimodzi, ca kucepetsa Yobu pomuonetsa zimene sanazione ndi zimene sazidziwa. Ndipo m'mitu iwiri yoyamba ya buku lomwelo, ana a Mulungu ndiwo a m'bwalo lakumwamba amene aonekera pamaso pa Mulungu pamene Yobu ali pansi pano ndi zoweta zake. Ayuda amene anatembenuza Cipangano Cakale m'Cigriki Kristu asanabadwe analemba pamenepa liu lakuti angelo.

Yacitatu ndi Mlaliki 12:7, yonena kuti pa imfa mzimu ubwerera kwa Mulungu amene anaupereka. Munthu sabwerera kumene sanakhaleko, iwo atero. Ena ayankha kuti ndimeyi ikumbutsa Genesis 2:7, ndi kuti m'Cihebri liu lomwelo liimira mzimu, mpweya ndi mphepo. Mphatso ibwerera kwa woipereka, ndipo ndimeyo siinena kuti mphatsoyo inali ndi moyo wakewake isanaperekedwe.

Yacinai ndi Yohane 9:1-3. Ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona, anafunsa ngati anacimwa ndi iye kapena makolo ake. Akadacimwa liti munthu wobadwa cibadwire wosaona? A mpingo uwu ati funsolo lionetsa kuti ophunzirawo anakhulupirira za moyo wa kale, ndi kuti Yesu sanawadzudzule pa cimeneco. N'zoona kuti ena mwa Ayuda a nthawi ija anali ndi maganizo otere. Buku la Nzeru za Solomo, limene lili m'Mabaibulo a Akatolika, pa 8:19-20 lilankhula monga ngati mzimu wabwino ndiwo unalowa m'thupi. N'zoonanso kuti aphunzitsi ena Aciyuda anaganiza kuti mwana angathe kucimwa ali m'mimba. Cimene tingatsimikize ndi yankho la Yesu: anakana kuti khungu la munthuyo linadza ndi chimo, lake kapena la makolo ake. Yankho limeneli mulisunge, pakuti tidzalifunanso.

Kumene Baibulo lilankhula mwina

Pa Genesis 2:7 ciyambi ca munthu cisimbidwa mwa dongosolo ili: Mulungu aumba dothi, auziramo mpweya, ndipo pamenepo munthu akhala wamoyo. Palibe mau onena za wina wodikira kumwamba kuti alowe m'thupilo. Zekariya 12:1 aika pamodzi nchito zitatu za Mulungu: kuyala thambo, kuika maziko a dziko, ndi kuumba mzimu wa munthu m'kati mwa munthuyo. Akolose 1:16 aphunzitsa kuti zonse, zooneka ndi zosaoneka, zinalengedwa. Apa ndipo pali kusiyana kozama koposa. Kwa Oyera a Masiku Otsiriza, Mulungu ndi munthu ali a mtundu umodzi, monga atate ndi mwana wake amene adzakula, ndipo kulenga ndiko kukonza zinthu zimene zinalipo kale. Kwa Ayuda ndi Akristu ambiri, Mulungu yekha ndiye alibe ciyambi, ndipo zina zonse zinalandira kukhalapo kwao kwa Iye.

Pa za kukhala ana a Mulungu, a mpingo uwu achula Ahebri 12:9, pamene Mulungu achedwa Atate wa mizimu, ndi Macitidwe 17:28-29, pamene Paulo acha anthu onse mbadwa zake. Koma Yohane 1:12 anena za olandira Kristu kuti apatsidwa mphamvu ya kukhala ana, ndipo Paulo pa Aroma 8:15 ndi Agalatiya 4:5 agwiritsa nchito liu la m'malamulo lonena za mwana wolandiridwa m'banja limene sanabadwiremo. M'Cipangano Catsopano, tsono, umwana umenewu uoneka kawirikawiri monga cinthu copatsidwa mwa cisomo.

Umboni wolemera koposa uli m'Uthenga wa Yohane. Pa 8:23 Yesu asiyanitsa omvera ake, ocokera pansi, ndi Iye mwini, wocokera kumwamba. Pa 3:13 adzichula monga yekhayo amene anatsika kumwamba. Pa 8:58 anena kuti Iye alipo Abrahamu asanakhaleko, ndipo omvera anatola miyala. Yohane Mbatizi, amene mwa Luka 1:36 anali wamkulu kwa Yesu ndi miyezi isanu ndi umodzi, acitira umboni pa Yohane 1:15 kuti Yesu analipo iye asanakhale. A mpingo uwu ayankha kuti Yesu aposa onse pokhala woyamba kubadwa wa mizimu. Komabe funso litsala: ngati tonse tinatsika kumwamba, bwanji mlembi wa Uthengawu aonetsa kutsika kumwamba monga cizindikiro ca Yesu yekha?

Nkhaniyi si yatsopano

Joseph Smith sanali woyamba kuganiza zimenezi. Plato wa ku Athens, zaka zoposa 300 Kristu asanabadwe, anaphunzitsa kuti mzimu unalipo thupi lisanakhale, ndi kuti kuphunzira ndiko kukumbukira zimene unadziwa kale. Origen wa ku Alexandria, mphunzitsi wamkulu wacikristu amene anabadwa ca m'ma 185, anaganiza kuti Mulungu analenga mizimu yonse yofanana, ndi kuti kusiyana kwa anthu pobadwa kucokera pa zimene mizimuyo inasankha kale. Anafuna kuteteza cilungamo ca Mulungu, nati Yakobo anakondedwa koposa Esau cifukwa ca zoyenera za moyo wa kale. Koma Aroma 9:11 anena kuti kusankhako kunacitika anawo asanabadwe ndi asanacite cabwino kapena coipa. Maganizo a Origen anatsutsidwa ku Constantinople m'caka ca 543, m'masiku a mfumu Justinian, ndipo dzina lake linatsutsidwanso pa msonkhano waukulu wa m'caka ca 553.

Mipingo yambiri inatsala ndi mayankho awiri. Lina, la Jerome, n'lakuti Mulungu alenga mzimu watsopano wa mwana aliyense; ndilo limene Mpingo wa Katolika uphunzitsa m'Katekisimu wake wa 1992. Lina, la Tertullian, n'lakuti mzimu udzera mwa makolo pamodzi ndi thupi, ndipo ambiri a mpingo wa Lutheran alitsata. Augustine anasinkhasinkha pakati pa awiriwa kufikira ukalamba wake osagamula. Onse awiri abvomerezana kuti munthu ali ndi ciyambi.

Kulemera kwa nkhaniyi

Wina angati: nanga zimene zinacitika tisanabadwe zitikhudza bwanji? Mbiri ya mpingo womwewu iyankha. M'masiku a Joseph Smith anthu akuda owerengeka, monga Elijah Abel m'caka ca 1836, anadzozedwa unsembe, umene mu mpingo uwu upatsidwa pafupifupi kwa mwamuna aliyense wokhulupirika. Koma m'caka ca 1852 Brigham Young analengeza kuti amuna akuda a mbadwa za mu Africa sangalandire unsembe, ndipo pambuyo pake amuna ndi akazi akuda anatsekerezedwanso miyambo yaikulu ya m'kacisi. Pofotokoza cifukwa cake, atsogoleri ena anaphunzitsa kuti mizimu ya anthu akuda inali yosalimba mtima pa nkhondo ija ya kumwamba. Kalata ya atsogoleri akulu a mpingo ya m'caka ca 1949 inagwirizanitsa ciletsoco ndi makhalidwe a mizimu isanabadwe. Ciletso cinacotsedwa m'mwezi wa Juni 1978 pansi pa Spencer W. Kimball, kacisi wao woyamba mu Africa anatsegulidwa ku Johannesburg m'caka ca 1985, ndipo m'caka ca 2013 mpingo unakana poyera ganizo lakuti khungu lakuda lisonyeza zolakwa za moyo wa kale.

Polankhula izi tisaiwale kuti mipingo inanso, yosakhulupirira konse za moyo wa kale, inapotoza nkhani ya Hamu mwana wa Nowa pofuna kulungamitsa ukapolo. Tsankho lipeza khomo paliponse. Koma taonani kumene khomo ili linali: munthu akangobvomereza kuti ena anapambana anzao asanabadwe, kuli kwapafupi kuyang'ana mwana wolemala, mwana wa mmphawi kapena wa mtundu wina, ndi kunena mumtima kuti akukolola zimene anafesa. Mlandu wotere woimbidwayo sangathe kuukana, pakuti saukumbukira. Pano ndipo tifunanso yankho lija la Yesu pa za wobadwa wosaona.

Tisabisenso cimene cikopa anthu ku ciphunzitso ici. Ciuza munthu wonyozeka kuti ndi mwana weniweni wa Mulungu, kuti anasankhapo kale bwino, ndi kuti anadza pansi pano ndi colinga. Akristu enawo ali ndi citonthozo cao: kuti Mulungu anawadziwa ndi kuwafuna pamene panalibe kanthu kalikonse kamene anacita, ndi kuti kukhalapo kwao ndi mphatso kuyambira pa phata.

Tsono tinene ciani? Baibulo liphunzitsa momveka kuti Mulungu adziwa munthu asanabadwe, ndi kuti Kristu analipo asanabadwe kwa Mariya. Za bwalo lakumwamba limene ife tinakhalapo, za makolo akumwamba ndi za cophimba ca kuiwala, zimenezo zipezeka m'mabuku amene anadzera mwa Joseph Smith, ndipo ndime za m'Baibulo ziwerengedwa motero ndi iye amene walandira kale mabukuwo. Oyera a Masiku Otsiriza ambiri sakana zimenezi, pakuti akhulupirira kuti Mulungu anaonjeza bvumbulutso. Cotero mukadzakambirana nao, dziwani kuti mlandu weniweni ndi wa mabuku amene munthu awalandira monga mau a Mulungu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: mverani mwaulemu, funsani buku ndi mutu umene mfundo icokera, ndipo werengani ndime yonse pamodzi ndi zoizungulira.

Aphunzitsi, nawa mafunso atatu okambirana m'kalasi.

1. Werengani Yeremiya 1:5 pamodzi ndi Salmo 139:13-16. Kodi kudziwidwa ndi Mulungu ndi kukhalapo n'cinthu cimodzi? Perekani zifukwa za mbali zonse ziwiri.

2. Fotokozani kusiyana kwa maganizo a Origen ndi a Joseph Smith pa funso lakuti mzimu wa munthu unalengedwa kapena ai.

3. Kodi yankho la Yesu pa Yohane 9:3 litiphunzitsa ciani za m'mene tiyenera kuonera ana obadwa olemala m'midzi ndi m'masukulu mwathu?